Maliro a Lachiwiri ndi Lachinayi

Zelipa mwana wanga,

Ndatseka shopu masana ano. Pakhomo pali njinga ziwiri zodikira masipoko, koma eni ake andikhululukire, lero manja anga ali ndi ntchito ina. Ndakhala pa benchi lija umakhalapo ukabwera kudzandiseka kuti ndikununkha girisi, ndipo ndikulemba pa mapepala amene ndang'amba m'kope lako lakale. Mawa ukwera basi ya ku Lusaka, ndipo pali nkhani imene pakamwa panga pakana kuitulutsa kwa zaka makumi awiri. Ndayesa katatu sabata ino kukuitana kuti tikhale pansi, koma katatu konse ndangomaliza ndi kukufunsa ngati wapakira majuzi.

Dzulo pa mapemphero okutsanzika unaimirira pamaso pa anthu a mpingo n'kunena kuti, "Ndikupita kukamaliza mpikisano umene atate anga anaulandidwa." Azimayi anaimba nthungululu. Amalume ako a ku Sinda anandigwedeza paphewa. Ine ndinangozyolika, ndipo anthu anayesa kuti ndikubisa misozi yachimwemwe. Ayi, anali manyazi. Unakana malo ku sukulu ya unamwino n'kusankha koleji iyi chifukwa ili ndi timu ya trayatuloni, mpikisano uja wa kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Ukudziwanso wekha kuti malo akowo adalira mpikisano umene ukubwera pakatha miyezi isanu ndi iwiri, ukakachita zofooka akuchotsa. Zonsezi wazisenza chifukwa cha nkhani yanga. Zelipa, nkhaniyo ndi yabodza. Palibe munthu anandilanda kanthu.

A Mbewe umawadziwa ngati munthu amene anaiwala pampu ya njinga n'kuwonongera atate ako mwayi. Leka ndikuuze za munthu weniweniyo. Anali mphunzitsi wa masamu ku sekondale kuno ku Katete, wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo pamene ankaphunzira kunja anachitako mipikisano imeneyi. Tsiku lina anandiona ndikukwera chitunda ndi matumba atatu a chimanga panjinga, osatsika. Anandiimika. Ati, "A Banda, miyendo iyi mukuitayira chimanga." Anandifotokozera kuti munthu amasambira pafupifupi makilomita awiri, akatuluka m'madzi amapalasa njinga mtunda ngati wochoka kuno kukafika ku Chipata, kenako n'kuthamanga kuposa theka la njira ya ku Sinda, zonse tsiku limodzi. Ndinaseka, ndati kuli anthu osowa ntchito padziko pano. Koma mawu aja anandilowa. Patapita sabata anandibwereka njinga yawo yamatayala owonda, n'kundilembera papepala: Lolemba ndi Lachisanu kuthamanga, Lachitatu ndi Loweruka njinga, Lachiwiri ndi Lachinayi kusambira ku damu. Masiku a damu ankabwera okha akaweruka kusukulu, wotchi ili m'manja. Sanapemphe kalikonse. Iwe unali ndi miyezi inayi.

Mwezi woyamba unandikomera mopitirira, ndipo kulakwa kwanga kunayambira pomwepo. Sindinathe kukhala chete. Msika wonse unadziwa kuti Banda wokonza njinga akupita kukapikisana ndi anthu a mayiko ena. Anyamata oitanira mabasi ankandikuwira kuti, "Champiyoni!" ndipo ine ndinkakweza dzanja ngati ndapambana kale. A Mbewe akati thamangani makilomita khumi kunjira ya kuminda, ine ndinkathamanga khumi ndi asanu mumsewu waukulu, nthawi imene mabasi a ku Chipata amadutsa, kuti anthu andione pawindo. Ha, ndinali chitsiru chosangalala! Ulemu wonse wa mpikisano ndinaudya ndisanaufike mpikisanowo. Ndiye pamene masiku ovuta anabwera, panalibenso chimene ndinkachilakalaka, chifukwa kuwomba m'manja ndinali nditalandira kale. Ku Lusaka adzakuyamika, mwana wanga, uli ndi miyendo yanga. Akakuyamika uzithokoza, koma usamawerenge kuyamikidwa ngati treningi. Usaiwale zimenezi.

Madzi ndinkawaopa. Ndalemba mawu amenewa n'kuyang'ana kukhomo ngati wina akundiona. Kusambira kumene ndinkadziwa ndi kwa m'mitsinje ya kwathu ku Sinda, kuja kophapha ngati galu, mutu uli m'mwamba, tsidya lili pompo. A Mbewe ankafuna nkhope ilowe m'madzi, ndizipumira cham'mbali, ndizipita pakati pa damu pamene phazi silifika pansi. Madzi ake obiriwira, onunkha ng'ombe, ndipo pofika Juni ankazizira mpaka mano kuwawa. Ndikangoviika nkhope mtima unkagunda ngati ndagwidwa ndikuba. Panjinga ndinali mfumu, m'madzi ndinali mwana wakhanda, ndipo zinkandinyansa kuti munthu wophunzira aziona ukhanda wangawo kawiri pa sabata. Kukanakhala kunena chabe kuti, "A Mbewe, ndikuopa," akanapeza njira, chifukwa anali munthu woleza. Sindinanene. Chimene ukuchiopa, Zelipa, uzichitchula dzina kwa amene akukuphunzitsa, tsiku lomwelo, chisanayambe kukuphunzitsa kunama.

Tsiku loyamba kuphonya damu linali la maliro enieni. Anamwalira bambo wa nyumba yoyandikana nafe, munthu amene anatithandiza kufolera denga. Linali Lachiwiri. Ndinapita kusukulu kukauza a Mbewe, iwo ati, "Pepani kwambiri, a Banda. Pitani, tidzaonana Lachinayi." Basi, osafunsa china. Ndinakakhala pakati pa azibambo pansi pa mtengo, azimayi akulira m'nyumba, ndipo nthawi ya damu itakwana ndinamva mtima wanga kupepuka. Pamaliro a munthu amene ndinkamukonda, ine ndinali kusangalala kuti sindikulowa m'madzi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chinthu choipa: kwathu kuno munthu akhoza kukuletsa mowa, akhoza kukuletsa mpira, koma palibe amene angatsegule pakamwa kukuletsa kupita kumaliro.

Ukudziwa mmene pashopu pamakhalira. Aliyense wobwera ndi njinga amabweranso ndi nkhani, ndipo theka la nkhanizo ndi mauthenga a maliro. Kale ndinkangoti pepani n'kupitiriza kumata chubu. Tsopano ndinayamba kutchera khutu. "Wamwalira ndani? Kumudzi uti? Aika liti?" Akati aika Lachitatu, ndinkangopukusa mutu mwachisoni. Akati Lachiwiri kapena Lachinayi, chibale chinkapezeka pompo. Uyu anali msuweni wa alamu a amayi anga. Uyu tinkapemphera limodzi ndili mwana. Ndinazungulira midzi ya ku Mkaika, ya ku Sinda, ndi ina imene sindingaikumbuke, jekete lakuda lili pakaliyala. Anthu ankandiyamika, ati Banda ndi munthu wa anthu, saphonya maliro. Tsiku lina a Mbewe anandipeza pashopu, fumbi la ku damu lili m'nsapato, atandidikira ola lathunthu. Anayankhula motsitsa: "A Banda, kwanu anthu akutha. Ndipo akusankha Lachiwiri ndi Lachinayi." Ine m'malo mochita manyazi ndinakalipa. Ndati, "Mukufuna ndisaike abale anga chifukwa cha masewera? Kusukulu kwanuko anakuphunzitsani zimenezo?" Anandipepesa. Iwowo kundipepesa ine, Zelipa!

Za ku Vubwi sindinauzepo munthu. Munthu wina wogula tayala ananena kuti akupita kukaika mlamu wake kumeneko, kufupi ndi malire, Lachinayi. Sabata imeneyo a Mbewe anali atandiuza kuti Lachinayi ndidzawoloka damu lonse koyamba, kupita ndi kubwera. Ndinanyamuka Lachitatu m'mawa, ndikudziuza kuti lero ndi tsiku la njinga, ndiye sindikuba kanthu. Ndinapalasa tsiku lonse m'misewu yafumbi. Nditafika, mkulu wina wolandira alendo anandifunsa, "Achimwene, mwachokera kuti?" Ndati ku Katete. "Panjinga?" Ndati eya. Nkhani inafalikira pamaliro ponse. M'mawa mwake mayi wamasiye anandiitanitsa m'nyumba. Anagwira manja anga onse awiri, maso atatupa, n'kunena kuti, "Amuna anga anali ndi bwenzi lotere osandiuza? Mulungu akudalitseni, mwandipukuta misozi." Anapempha kuti ndikhale m'gulu lonyamula bokosi. Ndinalinyamula. Munthu amene nkhope yake sindinaione ali moyo, amene dzina lake ndinalimva bwinobwino pamene abusa ankalitchula kumanda, ndinamusenza paphewa kuti ndithawe madzi. Mpaka lero ndikamva nyimbo imene ankaimba tsiku limenelo kutchalitchi, ndimatuluka ngati ndikupita kukataya madzi.

Mvetsa bwino apa, mwana wanga. Sindikunena kuti usamapite kumaliro. Ndiwe mwana wa kuno, wachibale akagwa uyenera kubwera, ndipo mpikisano suposa munthu. Chimene ndikunena n'chakuti ulesi wa munthu wolemekezeka subwera wamaliseche. Umabwera utavala jekete lakuda, ndipo aliyense amauvulira chipewa. Chifukwa choipa n'chosavuta kuchikana. Chimene chinandigwetsa ine ndi zifukwa zabwino. Ndiye chifukwa chabwino chikakupeza pa tsiku la chinthu chimene sumachikonda, udzifunse funso limodzi lokha: likanakhala tsiku la njinga, ndikanapita? Ukayankha kuti ayi, vala zosambira. Ndikubwerezanso, likanakhala tsiku la chimene ndimachikonda, ndikanapita?

Panali bodza linanso limene ndinkadzinamiza, loti mawa ndidzachita kawiri. Ndikaphonya damu, tsiku lotsatira ndinkawonjezera makilomita panjinga mpaka matako kuchita zilonda, ndipo ndinkabwera kunyumba ndili wefuwefu, ndikudzimva kuti ndine munthu wakhama. Amayi ako ankandithira madzi ofunda m'beseni, akumandimvera chisoni. Thupi linauma, akatumba anatuluka, aliyense wondiona ankati uyu wakonzeka. Koma njinga siphunzitsa munthu kusambira. Ndinkalimbikira pamene ndinali wamphamvu kale kuti ndisayang'ane pamene panali pobowoka. Pofika Ogasiti ndinkafika ku damu kamodzi pa masabata awiri, ndipo sindinawolokepo. A Mbewe anandikhazika pa udzu n'kunena kuti, "Madzi simunawakonzekere. Tidikire chaka chamawa, palibe chamanyazi." Ndinakana. Ndikanawauza chiyani anyamata a mabasi? Ndinalumbira kuti tsiku la mpikisano mtima udzandinyamula. Wokuphunzitsa akadzakuuza kuti sunakonzeke, usadzamuyese mdani, ndipo tsiku limene waphonya uzingolisiya lipite, mawa n'kuchita za mawa.

Mpikisano unachitikira pa damu lalikulu la pafamu ina kupitirira Lusaka, mu Okutobala. Ukudziwa nkhani imene ndinakuuza, yoti ndinatuluka m'madzi ndili m'gulu la kutsogolo, ndinapitirira anthu panjinga, kenako tayala linaphulika ndipo thumba la pampu ndi chubu a Mbewe anali ataliiwala kumalo ogona. Tsopano imva zoona. Mluzu utalira tinalowa m'madzi anthu ambiri nthawi imodzi, zigongono, mapazi, thovu lokhalokha. Ndisanafike pa chizindikiro choyamba choyandama pamadzi wina anandiponda kumaso, ndinamwa madzi, ndipo mantha aja ndinkawathawa kumaliro anandipeza onse pamodzi. Ndinayamba kuphapha ngati galu. Ndinakuwa, "Mayo! Ndikufa!" Anabwera mtsikana wa msinkhu wakowu pa kabwato, n'kunena kuti, "Gwirani apa, atate, musaope." Anandikokera kumtunda anthu akuonerera. Njinga ya a Mbewe inaima pamalo pake tsiku lonse, matayala onse awiri ali olimba, thumba la pampu litamangidwa pansi pa chishalo ndi manja awo. Sindinaikwere n'komwe. A Mbewe anandifunditsa thaulo, n'kukhala nane pansi, osanena kuti ndinakuuzani.

Tinakwera basi yobwerera. Titadutsa Sinda a Mbewe anati, "Chaka chamawa tiyambira pa madzi, pang'onopang'ono." Ndinangoyang'ana pawindo. Titafika pa siteshoni ya Katete tinapeza anthu akudikira, a kumsika, a kumpingo, amayi ako atakubereka kumbuyo. Wina anakuwa, "Champiyoni, mendulo ili kuti?" Sindinakonzekere bodza limenelo, Mulungu ndi mboni, linangotuluka lokha ngati linkadikira pakhosi. Ndati, "Tayala linaphulika, ndipo aphunzitsi anaiwala pampu." A Mbewe anali pambali panga, akulandira njinga kuchokera pamwamba pa basi. Anandiyang'ana kamodzi. Anthu anayamba, "Aa, aphunzitsi, mwatichititsa manyazi! Munthu wophunzira kuiwala pampu?" Iwo anakankha njinga yawo n'kumapita.

Ndinkaganiza kuti pakatha sabata anthu aiwala. Sanaiwale. Dzina loti a Pampu linawamatirira a Mbewe. Ana a sukulu ankalinong'ona m'kalasi, oitanira mabasi ankalikuwa akamadutsa. A Mbewe akanatha kundivula ndi mawu atatu chabe, koma sanatero, ndipo sindikudziwa chifukwa chake mpaka lero. Njinga yawo ankakakonzetsa kutsidya kwa msika. Tikakumana panjira ankandipatsa moni, "Muli bwanji, a Banda, kunyumba ali bwanji?" ndipo moni umenewo unkandiwotcha kuposa kutukwanidwa. Nkhani yanga inkakula chaka ndi chaka. Poyamba ndinali m'gulu la kutsogolo, kenako ndinali wachisanu, pamene iwe unkafika giredi seveni ndinali wachiwiri. Unkandimvera maso ali gwa, ndipo ine ndinkakonda mmene unkandiyang'anira.

A Mbewe anamwalira zaka zitatu zapitazo, ukukumbuka. Anakawaika kumudzi kwawo cha ku Mkaika, ulendo wosakwana ola panjinga. Ine, Banda wosaphonya maliro, amene ndinapalasa tsiku lonse kukanyamula mlendo ku Vubwi, ndinati msana ukuwawa. Ndinagona m'nyumba chitseko chili chotseka. Ndinkaopa kuti mkazi wawo andiyang'ana, ndipo ndidziwa kuti anamuuza. Koma chimene chinandipyoza kwambiri chinachitika chaka chatha. Tinkadutsa mumsika ine ndi iwe, mayi Mbewe ali pa tebulo lawo la nyemba, n'kukupatsa moni, "Zelipa, wakula mwanawe, tamva kuti ukuthamanga." Iwe unatembenuza nkhope n'kudutsa. Titapita patsogolo unati, "Anthu amenewa anakuwonongerani moyo, atate." Ndinakuphunzitsa kugwada popereka moni kwa akulu, ndipo ndinakuphunzitsanso kudana ndi mkazi wamasiye wosalakwa. Ndinangoti tiye, tachedwa.

Amayi ako ndawauza m'mawa uno, akusesa pabwalo. Sanasiye n'kusesa komwe. Ati, "Wokonza njinga angalephere mpikisano chifukwa cha chubu? Mukanamata ndi malovu inu. Ndinkadziwa kuti pali china, ndinkangodikira kuti mudzanene nokha." Kenako anaimika tsache n'kunena kuti, "Koma mwanayo mumuuze asanakwere basi." Ndiye ndi ino kalatayi.

Tsopano ndikhudze za iwe, ndipo usakwiye. Miyezi iwiri yapitayi, chiyambire kuzizira, ndakhala ndikukuona. Masiku a njinga umadzuka wekha, sitikudzutsa. Masiku othamanga umang'ung'udza koma umapita. Masiku a damu, ha, mwana wanga amasanduka mngelo! Mwadzidzidzi wakumbuka kuti azakhali ako ali okha ndi mtedza wosasenda. Mwadzidzidzi kwaya ikusowa alito. Chimanga chimene chakhala sabata m'thumba chiyenera kupita kuchigayo lero lomwe, ndipo amene apite ndi iwe. Amayi ako akumakuyamika kwa anzawo. Lachinayi lapitali ndinali kuseri kwa nyumba ndikukonza geti, ndipo ndinakumva pafoni ukuuza kochi wako wa ku Lusaka kuti, "Ndachita, kochi, madzi anali bwino." Tsitsi lako linali louma, m'manja muli makoko a mtedza. Sindinamve mkwiyo. Ndinamva mawu anga akutuluka pakamwa pako, ndipo ndinasiya geti n'kukhala pansi.

Sindikukuweruza, ndilibe nkhope yoweruzira munthu. Iwe umasambira bwino kuposa mmene ine ndinkalotera, unaphunzira bwino ndi timu ya kusukulu. Mwina si mantha ngati anga. Mwina watopa chabe, mwina madzi ozizira akukunyansa, mwina chinthu chonsechi chasiya kukukomera ndipo ukuopa kunena chifukwa cha ine. Chilichonse chimene chili, chili ndi mankhwala ngati chanenedwa. Ukakafika, tsiku loyamba lomwe, ukamuuze kochi kuti miyezi iwiri iyi madzi unawaphonya kangati. Adzakwiya, mwina adzakubweza m'mbuyo. Zimenezo n'zazing'ono. Munthu amene akukonzera treningi pa bodza lako ali ngati ine ndikamanga wilo pa limu losweka, chitsulo chija chogwira tayala, limayenda bwino mpaka pa chitunda choyamba.

Ndipo usamadikire kuti mtima ufune. Ine ndinkayesa kuti anthu opambana amadzuka tsiku lililonse ali ndi chilakolako. A Mbewe anandiuzapo kuti pa masiku khumi, atatu okha ndi amene ankafuna kupita, enawo ankangopita. Sindinamve, ndinkayesa akudzichepetsa. Tsiku limene thupi lakana, usakambirane nalo zambiri. Uza miyendo kuti tikungofika pamadzi, tikalowe mphindi khumi. Zikatha mphindi khumi ukadali wosafuna, tuluka, ukanene zoona kuti lero ndachita mphindi khumi. Nthawi zambiri udzapeza kuti wapitiriza. Chimene sumachikonda uzichiika m'mawa, zifukwa zabwino zisanadzuke. Upezenso mnzako wokudikira pamadzi, ndipo ukamupeza, Zelipa, usadzamusiye ataima yekha ndi wotchi m'manja. Anthu otero sapezeka kawiri.

Tsiku lina udzaphonya ndithu, ndiwe munthu. Ukadzaphonya unditumizire uthenga pafoni, mawu awiri okha: sindinapite lero. Usawonjezere chifukwa. Ine sindidzakufunsa, sindidzakulalikira, ndidzangoyankha kuti ndamva. Ndikufuna pakhale munthu mmodzi padziko amene sukufunika kumuvalira jekete lakuda. Ukaona kuti mauthenga amenewo achuluka, udzadziwa wekha kuti pali chofunika kukamba, nthawi isanathe.

Chachikulu n'chakuti ulibe mpikisano wa atate ako woti ukamalize. Wanga unathera pa kabwato kaja, ndipo anauthetsa ndine. Katundu ameneyo mutule. Ngati ukupita chifukwa umamva kukoma mphepo ikamakuwomba panjinga, chifukwa ukufuna kudziwa pamene thupi lako lingafike, pita ndi mtima wonse, ndipo ukalowe m'madzi Lachiwiri. Ngati ukakafika n'kupeza kuti unkangondithamangira ine, bwerera. Unamwino udzafunsiranso, ndipo amene adzakuseke adzayambe wandiseka ine. Ndinakubera mwayi wosankha wekha, ndipo ndikukubwezera mochedwa, chikwama chitamangidwa kale. Pepa, mwana wanga. Ndilibe mawu ena oposa amenewa. Pepa.

Ndikamaliza kulemba ndikupita kumsika, ku tebulo la mayi Mbewe. Sindikudziwa ngati andilole kukhala pansi. Kalatayi uipeza pa pilo pako, uiwerenge lero, usadikire m'basi, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna undiyankhe.

Mawa pa siteshoni padzakhala anthu, a kumpingo, a kumsika, amalume ako, ndipo ukudziwa kuti adzati atate ake anenepo mawu. Ena mwa iwo analipo tsiku lija. Ndidzanena kuti tayala silinaphulike, kuti a Mbewe sanaiwale kanthu, kuti ndinalephera chifukwa sindinkapita ku damu. Ndafuna umve kwa ine poyamba, zisakakugwere pagulu. Ngati ukuona kuti ndikuwonongera tsiku lako, uwauze amayi ako, ndidzadikira basi inyamuke ndiye n'kuyankhula. Koma kunena ndidzanena. Ndipo ngati sudzafuna kundiyang'ana kumaso, ndidzamvetsa. Udzangondipatsa chikwama chachikulucho, n'cholemera, ndidzakunyamulira mpaka pakhomo la basi.

Ndine atate ako,
amene amakukonda kuposa mmene anakuuzira zoona.